Chovala Chobwerera kwa Telala

Telala wina anali ndi lamulo limodzi pa ntchito yake: chovala chikachoka pamashini ake, chisabwererenso. Kwa iye, chovala chobwerera chinali chovala cholakwika, basi. N'chifukwa chake mtima unamudumpha tsiku limene mkazi wake, yemwe anali namwino pachipatala chachikulu, anafika pakhonde pomwe iye ankasokera ali mwee, n'kunena kuti, "Bambo a mwana, ndikubwerera kusukulu."

Phazi linaima pa chopondera cha mashini.

"Kubwerera? Mwalakwitsa chiyani kuntchitoko?"

"Palibe chimene ndalakwitsa. Andisankha kukachita maphunziro apamwamba a unamwino wosamalira odwala khansa."

Mawu oti "andisankha" anangodutsa. Khutu la telala linakola awiri okha, kubwerera ndi khansa.

"Zimenezo ayi," anatero. "Munthu wa digiri, zaka zonsezi mukubaya anthu jakisoni, lero akubwezeni ngati buluku lokhota mwendo? Anthu atiseka. Komanso khansayo mudzatitengera kunyumba kuno, mwana akadali wamng'ono."

Mkaziyo sanakangane naye. Anangolowa m'nyumba, ndipo masiku otsatira pakhomopo panali zii. Telala ankamukonda mkazi wake, ndipo zinkamuwawa kumuona akusita yunifomu ali khuma. Koma liuma linali litamukwera, pamene nthawi yoti mkaziyo avomere malo ake kusukuluko inali kutha. Akachedwa, malowo akapatsa wina.

M'mawa wina kunabwera mayi wachikulire wa nyumba yoyandikana nawo. Anapuma pa ntchito ya unamwino kalekale, koma aliyense ankawatchulabe Asisitala. M'manja ananyamula diresi la sukulu la mdzukulu wawo, limene telala yemweyo anasoka chaka chatha.

"Atelala, ndakubwezerani diresi lanu."

Telala nkhope inagwa. Analitembenuza uku ndi uku kufunafuna msoko wokhota, koma sanaupeze.

"Lalakwika pati, Asisitala?"

"Silinalakwike. Mwini wake wakula. Masulani mpenderowu kuti litalike."

Telala anatenga lezala n'kuyamba kudula ulusi. Asisitala anakhala pabenchi ya makasitomala, osaonetsa kufulumira.

"Ndiye chovala chilichonse chobwerera n'cholakwika, eti?" anafunsa.

Telala anadzutsa mutu. "Ndaona kuti nkhani za m'nyumba mwanga zayamba kulumpha mpanda."

"Mpanda wanuwo ndi waufupi," anayankha akuseka. "Tamverani, mwana wanga. Sukulu imene akuitanidwa akazi anu silandira wolephera. Imafuna namwino amene anamaliza kale maphunziro ake, ali ndi chilolezo chogwirira ntchito, ndipo wakhalapo ndi odwala. Kumeneko akaphunzira kuzindikira khansa msanga, kupereka mankhwala ake amphamvu aja mosamala, kuchepetsa ululu, ndi kuyankhula ndi banja limene lataya mtima. Ine maphunziro amenewo ndinalibe. Wodwala akandifunsa chifukwa chimene tsitsi lake likuthothokera, ndinkangoti limbani mtima. Mpaka lero zimandipweteka."

"Nanga akatitengera matendawo?"

"Khansa si chimfine, atelala. Simungaitenge posamalira wodwala, kumugwira kapena kudya naye mbale imodzi. Ndipo kudziteteza pogwira mankhwala akewo ndi chimodzi mwa zimene akaphunzire."

Telala anayang'ana mpendero umene anali atamasula. Nsalu inalipo yokwanira, chifukwa iye mwini ndiye anaipinda mkati podziwa kuti mwana sakhalira msinkhu umodzi. Anachita manyazi.

Mkazi wake atabwera kuchokera kuntchito, telala anamuchingamira pakhomo. "Mayi a mwana, ndinayeza molakwika. Pitani kusukuluko. Mwanayu ndimusamala ine, achemwali anga azindithandiza."

Sizinali zophweka. Mwana ankapita kusukulu tsitsi litapesedwa mbali imodzi, ndipo mapoto anapserera mpaka anazolowera. Koma mkaziyo akaimba foni, mawu ake ankamveka a munthu amene wapeza njira yake, ndipo telala ankagwira ntchito akuimba mluzu.

Pa tchuthi china mkaziyo anapeza bulauzi pamwamba pa mulu wa zosoka.

"Si ya alamu anga iyi?"

"Ndi yawo. Akuti ndiimasule kumanzere kokha, ikuwathina pachifuwa."

"Kumanzere kokha? Munthu sanenepa mbali imodzi, bambo a mwana."

Anaitana mlamu wakeyo, nalowa naye kuchipinda. Telala anatsala panja akuponda mashini opanda nsalu. Atatuluka, mlongo wa telalayo maso anali ofiira. Anali ndi chotupa m'bere, ndipo poti sichinkapweteka, anangoti chiphwa chokha.

"Si chotupa chilichonse chimene chili khansa," anatero namwinoyo modekha, atagwira dzanja la mlamu wake. "Koma chotiuza zoona ndi kuyezetsa. Mawa tipitire limodzi kuchipatala, alamu."

Inalidi khansa, koma inapezeka isanafalikire. Mlongo wa telala anachitidwa opaleshoni, kenako anayamba kulandira mankhwala. Tsiku limene tsitsi linayamba kutsalira pachipeso analira ndithu, koma sanathawe chithandizo, chifukwa mlamu wake anali atamuuziratu kuti zimenezi zimachitika ndipo tsitsilo lidzameranso. Telala anamusokera maduku a mitundumitundu kuchokera ku nsalu zake zabwino kwambiri, osati zotsalira.

Pamene namwino ankamaliza maphunziro ake, mlamu wake anali atayambanso kupita kumsika kukagulitsa malonda ake, tsitsi likuphukira pansi pa duku. Adokotala anati chithandizo chayenda bwino, azingobwera kudzaonedwa nthawi ndi nthawi. Namwino anayamba ntchito ku wodi ya odwala khansa atavala yunifomu yatsopano yosokedwa ndi mwamuna wake. Asisitala atatembenuza m'munsi mwake, anapeza mpendero waukulu ndithu.

"Nsalu yonseyi mwapindira mkati ya chiyani, atelala?"

"Mwini wake akadakula," anayankha.

Namwino akabwerera kusukulu sikuti walephera, koma akuwonjezera luso limene odwala khansa akulisowa. Banja limupatse mpata ndi kumuthandiza pakhomo, chifukwa wodwala amene adzapulumuke m'manja mwake akhoza kukhala m'bale wanu. Ndipo mukaona chotupa kapena kusintha kwachilendo m'thupi, ngakhale kosapweteka, musapite kwa telala. Pitani kuchipatala msanga.