Chingwe Chopanda Mutu

"Nanga mutu wake uli kuti, alamu?"

Zondwayo anakweza chingwe cha magetsi ngati munthu wapha njoka. Katundu wa malemu mng'ono wake, Bestone, anali mbwee pabwalo, wina kudikira kugawidwa, wina kudikira kuuma. Pakhoma la nyumba mzere wa matope unali ukuonekabe, wolekeza m'mawondo.

Keziya, mkazi wa malemuyo, anasuzumira. Chinalidi chodulidwa. Pomwe pamakhala pulagi panangotsala timawaya titatu.

"Sindikudziwa, alamu."

"Simukudziwa! Chingwe chogula ku Mzuzu, cholumikiza wailesi ndi simbi nthawi imodzi! Ndachiyanika ndekha padenga chili chopindapinda masiku awiri, chauma gwa. Mwadula dala kuti ife abale tisapeze kanthu, mbwenu."

Kwawo kwa Zondwayo ku Edingeni magetsi ankangowaona mphezi ikang'anima. Koma pogawa za maliro, ngakhale wopanda mano amalimbirana chimanga chokazinga.

"Mkazi wa mtima wotere sangalere mwana wathu," anapitiriza. "Ng'ombe za malowolo tinapereka. Towera anyamuka nafe mawa."

Towera, wa zaka khumi ndi chimodzi, anagwira chitenje cha amayi ake. Kwawo kwa Keziya ku Dedza mwana ndi wa mayi, koma kuno ng'ombe zinalankhula kale. Womuikira kumbuyo anali mmodzi, naye anali kumanda. Tsiku lomwe madzi anasefukira, Bestone anakhala m'madzimo masana onse akutulutsa katundu, akuseka kuti nyumba yakolopedwa mwaulere. Chibayo chinamugwira. Sabata isanathe anatsikira kuli chete.

Azakhali a malemu, a Marjory, anatola jekete lakuda la Bestone. "Valani kaye ili pamaso pa anthu, inu ndinu wamkulu. Milandu pambuyo."

Jeketelo linamuthina Zondwayo m'mapewa. Anapisa m'thumba, monga achitira aliyense wovala cha mwini. Munatuluka khadi ya chipani, kenako kanthu kolimba kokulunga m'pepala.

Pulagi.

Papepalapo panali zolemba zokhotakhota. Zondwayo anawerenga mokweza, chala chikutsogolera.

"Chingwe ichi chamwa madzi mpaka m'mafupa. Kunja chiuma, m'kati ayi. Ndadula ndine, Towera angasitire nacho yunifolomu n'kunditsatira. Akulu, ndikudziwa muchifuna. Mukamangire mbuzi."

Zondwayo anaseka kamodzi, kuseka kuja n'kusanduka kulira. Anakhala pansi pamatope, jekete lili m'thupi.

"Mwana uyu," anatero, "ngakhale kumanda sandileka."

A Marjory anamusiya alire. Zondwayo atapukuta m'maso anakulunga chingwe chija padzanja pang'onopang'ono, maso ali pansi.

"Phepani chomene, alamu. Towera aphunzire konkuno. Azibwera patchuthi kudzaona mbuzi ya adada ake aakulu."

"Yewo," anathokoza Keziya, mawu osamveka bwino.

Anthu atabwerera ku mipando ndi mbale, iye anatola pulagi ija. Podulapo panali posalunjika, mpeni unaterereka kangapo. Ndipo anakumbukira m'mawa wopita kuchipatala uja: Bestone thupi lili moto, manja akunjenjemera, akupempha mpeni.

"Wa chiyani?" anamufunsa tsikulo.

"Ndiwenge zikhadabo, mayi. Manesi angandikane."

Keziya anamanga pulagiyo pansonga ya chitenje, mfundo ziwiri.