Wenzulo Wosasa Mawu

Bambo ake a Tupa anasowa Loweruka m'mawa. Tupayo anali atawerama patebulo la m'shopu akuwotcherera mawenzulo amkuwa, ndipo podzutsa mutu anapeza mpando wa madalawo uli wokhawokha, tiyi akadali kufuka nthunzi. Nsapato zinali pomwepo. Anali atatuluka ndi masilipasi.

Dzina loti Tupa anam'patsa ndi bambo akewo, ati lilime lake limapala kuposa tupa wa m'shopu. Koma tsopano dzinalo anali ataliiwala. Mutu unali utayamba kuwathawa, moti mwana wawo yemwe ankamutcha "mayi inu". Za mawenzulo zokha ndiye sankaphonya. Ukangowaputa ankayamba: "Bambo anga ankasema a bango, oitanira agalu kosaka. Ine ndinayamba ndi a malata, a anthu a sitima. Kenako apolisi, kenako a mpira. Lero mwadzaza mapulasitiki olira ngati khoswe."

Tupa anaimbira foni achimwene ake, natapa mawenzulo awiri patebulo n'kuponya m'thumba la epuloni. Achimwenewo anafika thukuta lili kamukamu.

"Ndinanena ine! Tikawapeza lero, ndikugula loko wa kuchipinda kwawo."

"Loko mukatsekere nkhuku zanu, achimwene. Tiyeni."

Mlonda wa pasitolo yapakona anati waona mkulu wa masilipasi akutsetserekera kudepoti ya mabasi. Tupa anathamangira komweko. Munthu wosadziwa dzina lake akakwera basi ya kutali, mukamufunira kuti?

Kudepoti kunali anthu ngati nyerere. Achimwene anakuwa kuti, "Ababa!" Amuna angapo anacheuka, ena nkhope zili zamantha ngati agwidwa, koma panalibe wawo.

Tupa anatulutsa wenzulo mmodzi naimba ndi mpweya wonse. Analira bwino zedi, mawu akuthwa onjenjemera. Minibasi ina inaima mwadzidzidzi. Ogulitsa malonda m'mbali mwa msewu anafumbata katundu wawo n'kuliyatsa liwiro, poganiza kuti abwera owalanda. Wapolisi wa pamsewu anamuyang'ana ndi diso lofiira. Galu anauwa. Aliyense anayankha, kupatula munthu mmodzi amene ankafunidwayo.

"Imbanso," anatero achimwene.

Tupa sanaimbe. Anali atakumbukira mmene bambo ake ankayesera katundu. Wenzulo akalira bwino sankadzutsa n'komwe mutu, ankangoloza bokosi. Kwa iwo chinthu chabwino chinali chitatha, analibe nacho ntchito. Koma wina akalira molakwika, ankamva ngakhale ali kubafa, n'kutuluka sopo ali m'makutu.

Tupa anagwada pansi, naika wenzulo wachiwiri pasimenti, natola mwala. Anamenya kamodzi pakamwa pake, pamene mpweya umatulukira, mpaka mkuwa unapindikira m'kati. Kenako analavulira kanjere ka m'katimo kuti kazikakamira.

"Mutu wakuthawa nawenso?" anafunsa achimwene.

"Inu yang'anani m'mawindo."

Anaimba. Kanatuluka kamawu konyansa, kosasa, ngati tambala wachitopa. Kondakitala wina anagwira m'mimba ndi kuseka.

"Asisi, kapatseni mankhwala a chifuwa kanthu kanuko!"

"Ndikapatse iwe, uzikaitanira akazi ako," anatero Tupa osaima.

Anayenda basi ndi basi, akuimba pansi pa mawindo. Anthu anatseka makutu, ena anamutukwana. Iye sanasamale. Kumapeto kwa mzere kunali basi yaikulu ya ulendo wautali, injini ikulira kale, kondakitala ali pakhomo mwendo umodzi m'kati. Tupa anakoka mpweya naimba motalika.

Wina anamenya galasi la kumbuyo ndi chikhatho. M'basimo munabuka phokoso, anthu akudandaula kuti akupondedwa. Kenako bambo ake anatulukira pakhomo, silipasi imodzi kuphazi, ndevu zikunjenjemera ndi ukali.

"Ndani wapanga chinyalala chimenecho?"

"Ndine," anatero Tupa.

Madalawo anatsika, namulanda kawenzuloko, nakatembenuza padzuwa. Anapisa chikhadabo pamene panapindikapo.

"Taonani pakamwa pake! Wapala ndi chiyani, ndi mano? Iwe Tupa, zaka zonsezi ndakhala ndikuphunzitsa mwala?"

Achimwene anatsegula pakamwa atamva dzinalo, koma Tupa anawaponda chala.

"Ndalakwitsa, ababa. Nanga titani?"

"Titani? Kushopu! Kasatuluke pakhomo kanthu aka, anthu angatiseke."

Ananyamuka okha kutsogolo, akutsimphina ndi silipasi imodzi, akung'ung'udza za ana a masiku ano. Njira yonse sanasokere ngakhale pang'ono. Pakona, mlonda uja anawapatsa moni, iwo osamuona n'komwe.

Atafika anakhala patebulo, natenga tupa, nayamba ntchito.

Achimwene anaima pakhomo akupukuta thukuta.

"Lero tachita mwayi. Nanga mawa? Akakakonza kameneko uwaitana ndi chiyani?"

Tupa anakhoma msomali pafupi ndi chitseko, pomwe pakanakhala loko, nakoleka chingwe chopanda kanthu chodzapachikapo kawenzuloko. Kenako anatulutsa mwala uja m'thumba la epuloni nauika pawindo.

"Akamaliza, ndikaphwanyanso," anatero. "Ikani madzi pamoto, tiyi wawo wazizira."