Mimba ya Nsanza

Faustina anakwatiwa ku Simlemba kuchokera kwawo ku Wimbe. Ng'ombe za malowolo zinapita zonse, koma zaka zinadutsa m'nyumbamo osamveka kulira kwa khanda, mpaka mwamuna wake Chiukepo anayamba kunena poyera kuti akufuna mkazi wachiwiri. Tsono Faustina ataima, nthawi yofesa nazale za fodya, mudzi wonse unadziwa. Chiukepo anasiya za mitala zija, nayamba kubwerako msanga kumowa.

Mimbayo inachoka tsiku lina masana, iye ali kudambo kuthirira nazale. Anamva kupotokola m'chiuno, anatula keni n'kulowa m'bango. Zitatha anasamba, anachapa chitenje, n'kukhala pansi kudikira kuti chiume. Pobwerera anali atakonza mawu okanena. Koma kunyumba anapeza Chiukepo atamugulira nsalu yatsopano, akuti yodzaberekera mwana, ndipo Faustina anangoilandira n'kuthokoza. Anati anena mawa. Mawa lakelo anati anena Lamulungu likadutsa.

Mvula itagwa, fodya atawokeredwa, anthu anayamba kumuyang'ana pamimba. Apa m'pamene anayamba kumanga nsanza. Poyamba kanali kachitenje kopinda, kenako malaya akale a mwamuna wake, kenako thonje la m'pilo. Anauza Chiukepo kuti kusikelo anena kuti mimbayi ndi yovuta, asamamukhudze, ndipo anayala mphasa yake payekha. Tsiku la sikelo ankavala bwino, n'kukakhala kuseri kwa chigayo mpaka amayi anzake atayamba kubwerera.

Chimene chinkamupweteka kwambiri chinali chikondi cha apongozi ake, aNyaZimba. Mayi amene kale ankayankha moni wake ndi mphuno, tsopano ankamulanda khasu, kumuphikira thobwa, kumuletsa kuima pakhomo. Tsiku lina anangomugwira pamimba, namwetulira.

"Wagunda," anatero. "Ameneyu ndi mwamuna."

Faustina anaseka nawo, thukuta likutsika kumsana.

Zinaululika nyengo yothyola fodya. Awiriwo anali m'chigafa kusoka masamba, kunja dzuwa likuswa mtengo, ndipo fungo la fodya wamuwisi linamuzunguza mutu Faustina mpaka anagwa. Atatsitsimuka anapeza apongozi atamumasula zovala kuti apume, nsanza zili mbwee pansi. ANyaZimba anaziyang'ana nthawi yaitali.

"Inachoka liti?"

"Nthawi ya nazale, amama."

"Akudziwa ndani?"

"Palibe."

Mayiwo anatola nsanzazo n'kuzikankhira m'thumba la feteleza.

"Ine ndauza mpingo wonse kuti mdzukulu wanga ndamumva akugunda. Ukufuna anthu azindiloza chala kuti ndinavinira zigamba? Iwenso zikadziwika, mawa lomwe uli pamsewu wa ku Wimbe, ndipo bambo ako abweza ng'ombe zimene anagulitsa kale. Mvera bwino. Unagona muno ndi mimba, wadzuka palibe. Kutulo unaona munthu atakukhalira pamimba. Zinazo undisiyire."

Atatero anatuluka m'chigafamo manja ali kumutu, akulira mokweza kuti mwana wabedwa m'matsenga.

Kumapeto kwa mudziwo kunkakhala aElube, mkazi wamasiye wa bambo ake aang'ono a Chiukepo. Amuna awo atamwalira anakana kubwerera kwawo, ndipo anapitiriza kulima munda wachonde wa pafupi ndi dambo, umene abale ankauyang'ana ndi diso lofiira. ANyaZimba sanatchule dzina lawo. Anangoitanitsa sing'anga wa kutali, amene anayang'ana m'galasi lake n'kuona mkazi wokhala yekha, khomo la nyumba yake loyang'ana kumadzi.

Anthu atasonkhana pabwalo, anafunsa Faustina kuti kutuloko anaona ndani. Iye anayang'ana mwamuna wake. Maso a Chiukepo anali otupa. Chikwatiwireni anali asanamuonepo akulira. Faustina anazyolika.

"Nkhope sindinaione bwino," anatero. "Koma anavala duku loyera."

Amayi ambiri a kumpingo anali ndi maduku oyera, ngakhale aNyaZimba amene. Koma maso onse anatembenukira kwa aElube.

AElube anaimirira.

"Mwanayu mimba yake inachoka kalekale, nthawi ya nazale. Ine ndinali m'dimba mwanga, ndinamuona akutuluka m'bango, akuchapa chitenje cha magazi. Ndinakhala chete poti ndinati chisoni ndi chake, anena yekha. Faustina, mwana wanga, nena zoona."

Faustina anamva mawu akukwera kuchokera pachifuwa, ndipo anatsegula pakamwa. Koma aNyaZimba anamutsogolera.

"Mwamva? Wavomera yekha kuti ankamulondalonda mpaka m'bango. Nanga chimene ndinamva chikugunda ndi dzanja langali chinali chiyani?"

Faustina anatseka pakamwa pake.

Anyamata sanadikire kuti akuluakulu amalize. Anawakokera aElube pansi, kuwamenya ndi mitengo ya m'chigafa, ena n'kuthamangira kukayatsa denga la nyumba yawo. Woyamba kuponya chibakera anali Chiukepo. Faustina anamva aElube akumuitana, kenako sanamvenso kanthu koma phokoso la udzu ukupsa. Madzulo ake mphwawo wa aElube anabwera ndi ngolo kudzawatenga, mkono uli lende, pakamwa pali magazi.

Masiku otsatira amayi a kumpingo ankabwera kudzamupempherera Faustina, ena atanyamula ufa, ena nkhuku. Ankamusisita msana n'kumati alimbe mtima, satana wagonja. Chiukepo anakhala wofatsa kuposa kale. Tsiku lina akusankha fodya awiriwiri, Faustina anayamba kuti, "Bambo, aElube aja sananame." Chiukepo anamugwira paphewa.

"Akukuvutitsabe kutulo eti? Sing'anga ananena kuti udzayamba kuwaikira kumbuyo. Usaope, ndikatenga mankhwala ena."

Faustina sanayambenso nkhaniyo. Iye ndi aNyaZimba akatsala awiri m'chigafa, aliyense ankangosoka masamba ake.

AElube anamwalira kwawo mvula isanagwe. Akuti chifuwa sichinapole. Pamudzipo palibe anapita kumaliro. Chaka chimenecho Chiukepo anadzala fodya m'munda wa kudambo uja, ndipo anakula mpaka m'mapewa.

Chaka chomwecho Faustina anaimanso, ulendo uno zenizeni, ndipo anabereka mwana wamkazi wathanzi. Tsiku lotuluka m'chikuta anthu anadzaza pakhomo. Aliyense womunyamula mwanayo ankanena zofanana, kuti mwaona, mfiti itangochoka njira yatseguka. Ngakhale ochepa amene poyamba ankakayika anavomereza kuti sing'anga uja anaona zoona. Faustina anakhala pamphasa akulandira mphatso, akuthokoza aliyense. Mwana atalira anamupatsa bere, maso ali pansi.