Mahatchi a mu Boneti

Maloto a dzulo masana andisowetsa mtendere. Tulo tinandiba pa benchi mu galaji yanga, pafupi ndi galimoto ya a Phiri, imene anaibweretsa ikutsokomola. Ndi ija ya zitseko zinayi ngati ya banja, koma injini yake ndi ya mpikisano. Eni ake amanyadira kuti ili ndi mphamvu za mahatchi mazanamazana. Yotere sindinaikonzepo, ndipo ndinkaopa kuiwononga.

Ndinalota nditatsegula boneti. M'malo mwa injini munali mahatchi enieni, ang'onoang'ono ngati mbewa, thukuta lili kamukamu, akununkha fungo la hatchi losakanikirana ndi petulo. Mpweya wawo unkanditentha m'manja. Kumbuyo kwanga kunaima magalimoto atatu a mtundu womwewo, ina yakale yamakona ngati bokosi, enawo osalala ngati sopo wotha. Yakaleyo inayankhula ndi mawu a malemu bambo anga, amene anandiphunzitsa ntchitoyi.

"Iwe, wayamba wamvetsera usanagwire sipanala?"

Ndinatchera khutu. Mahatchi onse ankathamanga mogwirizana, koma imodzi inkatsimphina. Nditati ndiigwire mwendo, ndinadzidzimuka.

Chondidabwitsa n'chakuti hatchi sindinaionepo ndi maso. Nanga fungo lake ndinalidziwa bwanji? Kodi bambo ankanena za pulagi yakufa, ija yothethetsa moto mu injini, kapena ankandidzudzula kuti masiku ano ndimapupuluma?

Lero m'mawa ndinailiza injini ija n'kumangomvetsera, manja ali m'thumba. A Phiri atafika anafunsa, "Amisiri, vuto mwalipeza?"

"Bwana, imodzi ikutsimphina," ndinatero.

Sipanala ndinali ndisanaigwire.