Nati Pansi pa Nsapato

Mpando wa pambali pa dalaivala unali wa mpongozi tsopano, ndipo amayi a Kamvuluvulu nkhaniyi sinkawatsika pakhosi.

Ndi iwo amene ankachapa maovolosi a girisi mpaka zala kusupuka. Ndi iwo amene ankamanga lamba wa helimeti pansi pa chibwano cha mwana wawo mpikisano wa magalimoto usanayambe. Koma m'mawa umenewo anafika manja ali okonzeka, n'kupeza mkazi wa mwini wamanga kale, akukokakoka malamba a mpando kuona ngati agwira.

"Amayi, mukaime pakona yaikulu ija, kuseri kwa tepi yotchingira anthu," anatero Kamvuluvulu pawindo. "Ndipo galimoto musaikhudze, zivute zitani. Ikafa panjira timakonza awirife. Wina akangotipatsira ngakhale sipanala, basi atichotsa mumpikisano."

"Awirinu," anatero amayiwo. "Ndamva."

Pakonapo msewu unkapindika ngati chigongono, kumtunda thanthwe, kumunsi phompho. Bambo wa mbendera ankalondola anthu ngati nkhuku, aliyense kuseri kwa tepi. Magalimoto ankadutsa imodzi imodzi, fumbi n'kumatsala m'mano.

Ya Kamvuluvulu inabwera ikutsimphina, tayala lakumbuyo litaphulika. Anaiimika pambali, onse awiri n'kudumpha. Mpongozi anali atalowetsa kale jeke mwamuna asanatulutse n'komwe tayala lina.

"Koma mnyamatayu anakwatira!" anakuwa wina m'gulumo.

"Anakwatira jeke," anang'ung'udza amayiwo.

Kenako nati imodzi ya tayala inapulumuka, n'kugubuduka, kudutsa pansi pa tepi, kudzagunda nsapato yawo. Sanaganize. Phazi linangoiponda lokha.

"Nati ina ili kuti?" anafunsa Kamvuluvulu.

"Ndinaziika pamodzi apa!"

"Pamodzi pati? Ntchito yako ndi imodzi yomweyi, iwe!"

Chikwatirireni, amayiwo anali asanamumvepo akukalipira mkazi wake. Mawuwo anawatsekemera ngati shuga wa pansi pa kapu. Mpongozi ankakwawa m'fumbi, akupapasa miyala, thukuta lili chuchuchu m'helimeti. Amve naye, anatero amayiwo mumtima. Adziwe kuti mpando umenewo suli wongokhalapo.

"Zisiye," anatero Kamvuluvulu akumanga zotsalazo. "Tipita choncho. Lowa!"

Wa mbendera anali atapereka nkhongo, maso ali kumtunda kudikira galimoto yotsatira. Sanamve kanthu. Amayiwo anayang'ana tayalalo, n'kuyang'ana msewu wotsika, makona okhaokha mpaka kuchigwa. Anakulira m'garaja ya malemu amuna awo mwana ameneyu, koma phuma anatengera kwa iwo. Apitadi.

Anawerama kuti aitole. Ankafuna aiike okha m'dzanja la mwana wawo, aone nkhope yake, adziwe kuti pamene mkazi walephera mayi alipo. Dzanja linaima m'malere. Akangomupatsa, mpikisano watha, ndipo pakhomo sadzawalankhulanso bwino. Akakhala chete, akukatsika phiri ndi tayala losakwana manati. Panatsala njira imodzi, yowawa kuposa zonse.

Anawongoka, manja n'kuwaika kumsana.

"Apongozi!"

Mtsikanayo anatembenuka, mwendo umodzi uli kale m'galimoto. Amayiwo anasuntha phazi.

Mpongozi anabwera chothamanga, n'kugwada pamapazi pawo. Nati inali italowa m'dothi, mizere ya nsapato itazungulira bwinobwino, moti anachita kuikumba ndi chala. Anayang'ana mizereyo, n'kukweza maso. Amayiwo sanaphethire.

"Zikomo, amayi," anatero motsitsa. Kenako anadzuka akukuwa: "Ndaipeza! Inagubudukira uku!"

Kamvuluvulu anaimanga mwamsanga, n'kugogoda helimeti ya mkazi wake ndi chala.

"Maso akowa, mayi, ndi a kabawi! Pepa ndakukalipira."

Anamangana malamba, injini n'kulira. Kutepi sanayang'aneko ngakhale kamodzi. Fumbi lawo linawapeza amayiwo ali chiimire, manja akadali kumsana.

"Muli ndi mpongozi waulemu," anatero mayi wina amene anaima pambali pawo. "Liwiro lonselo, mpaka kukugwadirani."

Amayi a Kamvuluvulu analavula fumbi, maso ali pagalimoto imene inkakhota bwinobwino kumunsi, matayala onse ali m'malo.

"Wagwadira nati," anatero.