Mpata wa mu Nyimbo ya Mwayiwathu

Mwayiwathu anapempha chinthu chimodzi chokha kwa mayi ake: azimayi a kutchalitchi asavomere nyimbo.

Mtsikanayu anaphunzira zoyimba kukoleji konkuno ku Birmingham, zija zowerenga manotsi papepala, ndipo alubamu yake yoyamba inali itangotuluka kumene. Musaganize za ng'oma ayi. Ndi piyano, mawu ake opyapyala ngati utsi, kenako zii. Ziiyo, amatero mwiniwake, ndi nyimbonso. Ndiye launch, mwambo wokhazikitsa alubamuyo, inali mu kaholo kena ku Kings Heath, Loweruka masana, ndipo David, mzungu wa makamera, amajambula vidiyo yoti Mwayi atumize kwa okonza mafestival. Holo anaipeza tsiku lokhalo. Ikalakwika, palibe kubwereza.

Vuto ndi loti azimayi athu akamva woyimba wasiya mpata, amati akuitanidwa. Amalowapo basi, wina alto, wina nthungululu pamwamba.

Mayi ake a Mwayi, Mayi Dinnah, nesi wa zaka zambiri, anaitenga nkhaniyi ngati ya mu ward. Anaima pakhomo kuuza aliyense kuti lero pakamwa potseka, wofuna kuyimba adikire mawa kutchalitchi ku Handsworth. Anti Zelipa, mnzawo wa kukwaya, anafunsa ngati kupuma kukuloledwa. Mayi Dinnah anawakhazika pafupi, pomwe chala chingafike.

Nyimbo yoyamba, Mwayi anakweza mawu mpaka kudenga n'kuwasiya komweko. Zii. Chifuwa cha Anti Zelipa chinayamba kufufuma, milomo kutseguka pang'onopang'ono, Mayi Dinnah n'kuwatsina pantchafu. Kumbuyo wina ananong'ona kuti mwina mwanayu waiwala mawu, timuthandize. Mayi Dinnah anangocheuka ndi diso limodzi, thandizo linathera pomwepo.

Zinayenda chonchi mpaka nyimbo yomaliza. Koma pali chinthu. Alubamuyo Mayi Dinnah anali asanaimvere mpaka kumapeto. Ankaiyika akaweruka, nsapato zili kumapazi, ndipo isanafike pakati amakhala ali m'tulo. Zomwe zinali kumathero samazidziwa.

Mwayi ananena m'Chingerezi kuti yomalizayi ndi ya malemu bambo ake, a Wallace. Bambo aja anali ndi kakhalidwe kawo. Mkazi wawo akagogoda pochokera kuntchito, sankatsegula msanga. Ankayimba kaye kuseri kwa chitseko, ndipo samatsegula mpaka mayi ayankhe moyimbanso. Mwayi anatenga mzere wa bambo akewo n'kuuyika mu nyimbo, koma pamalo pa yankho anasiyapo popanda kanthu.

"Ndani uyo akugogoda?" anayimba motsitsa, n'kuchotsa manja pa piyano.

"Ndine wako, tsegula, kunja kukuzizira."

Sanali Anti Zelipa. Anali Mayi Dinnah eniake, mawu onse, holo yonse kumva. Atazindikira anadzigwira pakamwa ndi manja awiri. David anasuzumira kuchokera kuseri kwa kamera, osadziwa ngati azimitse. Anti Zelipa anasendezera mutu kwa Mayi Dinnah.

"Achemwali, ndikutsineni?"

Palibe anaseka mokweza, ngakhale ena mapewa amagwedezeka. Mwayi anayang'ana makiyi a piyano. Kenako anabwereza mzere uja, ulendo uno akuyang'ana mayi ake. Iwo anapukusa mutu kuti ayi, ndalakwitsa kale.

"Mum, please," anatero pa maiki. "Yankhani."

Mayi Dinnah anayankha. Azimayi ena anaona kuti chitseko chatseguka, analowa nawo, koma chapansipansi, kung'ung'udza chabe ngati akugoneka mwana. Ndi Anti Zelipa omwe anadziletsa, nthungululu anaimeza, ndipo panyumba pawo mpaka lero akunena kuti inawapweteka pakhosi.

Anthu akutuluka, David anauza Mwayi kuti asadandaule, atha kudula gawo limenelo n'kuyikapo mawu a mu alubamu, palibe angadziwe. Mwayi anakana. Anati itumizidwe momwe iliri, a festival akaifuna aifune ndi mayi ake omwe.

Popita kukwera basi, Mayi Dinnah anayenda atagwira mkono wa mwana wawo. Mwayi amayembekezera kupepesa kapena misozi.

"Nyimboyo ndi yabwino, mwanawe," anatero. "Koma bambo ako sankaikoka chonchija. Ndikanafa ndi chisanu panja."