Pabenchi ya a Bizwick

Zaituni ndiye ankachapa, choncho ndiye ankadziwa. Mabuluku a amuna ake, a Idrisa, ankabwera ali ndi madontho ofiira kutsogolo, ndipo iye ankawayanika kuseri kwa bafa kumene amayi ake sankadutsako. A Idrisa anali mkamwini pamudzi wa kwawo kwa Zaituni, kufupi ndi nyanja ya Chiuta, ndipo mkamwini ngakhale pokhosomola amayamba wayang'ana uku ndi uku.

Magazi mu mkodzo sinali nkhani kumeneko. Mwamuna aliyense wokulira m'bwato anakodzapo zofiira ali wamng'ono, ena mpaka ankati ndiko kukula kumeneko. Koma za a Idrisa zinali zitasintha. Magazi ankatuluka oundana, mkodzo unkadontha wokha, ndipo munthu amene sankaphonya swala ya Lachisanu anasiya kupita kumzikiti, poti sankafuna kuima pamaso pa Mulungu ali wonyowa. Anzawo akafunsa, ankangoti mwendo ukuvuta. Zaituni ankachita mantha, ndipo anawaumiriza mpaka anavomera zopita kuchipatala.

Chipatala chaching'ono cha kuderako chinali ndi dokotala mmodzi, a Bizwick, munthu wosakalipa koma wooneka wotopa ngakhale m'mawa. Mzere unkayambira pakhomo n'kukathera pamtengo wa mango. Kuti anthu athe dzuwa lisanalowe, a Bizwick anaika benchi m'kati mwa chipinda chawo. Odwala ankalowa gulu, n'kumasendera mmodzimmodzi kufupi ndi tebulo, ndipo wofika kumapetoko ankanena vuto lake anzake onse akumva. Kunena zoona, njirayi inkayendetsa mzere mofulumira.

Tsiku loyambalo tsoka linali lakuti amayi a Zaituni nawo anapita kukatenga mankhwala a kuthamanga kwa magazi. Panjira iwo ndi a Idrisa anayenda motalikirana monga mwa ulemu, koma mzere sudziwa za upongozi. Unawakhazika pabenchi imodzi, munthu mmodzi yekha pakati.

"Chavuta n'chiyani, bambo?" anafunsa a Bizwick.

A Idrisa anayang'ana khoma. "Mutu, adokotala. Ndi kuphwanya m'thupi."

Zaituni anali ataima pakhomo. Anatsegula pakamwa, anaona mpango wa amayi ake, n'kutsekanso. A Idrisa anabayidwa chala, kachipangizo kanaonetsa malungo. Nanga nyengo ya mvula ku Chiuta ndani sapezeka ndi malungo? Mutabaya mbuzi nayonso ingalandire LA. Anawapatsa mankhwalawo ndi panado, benchi inasendera.

"Bambo a Shamim, ndiye mwanenapo chiyani pamenepa?" anatero Zaituni panjira.

"Mumafuna ndinene za m'buluku amayi anu ali pambali panga? Iyayi. Tidzabweranso."

Anabweradi, ndipo sikamodzi. Ulendo wina pabenchipo panali akazi a shehe. Ulendo wina panali atsikana a pamudzi, amene a Idrisa anawaona akubadwa. Tsiku lina analimba mtima n'kunena kuti m'mimba munsi mukupweteka, a Bizwick analemba mankhwala a m'mimba, nafunsa kuti, "Pali china?" koma maso ali kale pa mwana amene ankakomoka m'manja mwa mayi ake. Ndani akanayankha kuti inde pamenepo? Mvula inatha, mpunga unakololedwa, mvula ina inabwera. Bwato la a Idrisa linauma pamtunda mpaka kung'aluka. Zaituni anatopa ndi njira ya kuchipatala, anatopa ndi kuchapa, anatopanso ndi mkwiyo umene sankadziwa woupatsa.

Kenako miyendo ya a Idrisa inatupa, mkodzo unayamba kukana kutuluka. Fauziya, mng'ono wake wa Zaituni amene ankagulitsa kaunjika ku Balaka, anaimba foni kuti Zaituni abwere nawo msanga alamuwo, kumeneko kuli makina ounikira m'mimba. Anakwera njinga yamoto mpaka pa Ntaja, a Idrisa ali pakati kuti asagwe. Minibasi inaima pa Nsanama nthawi yaitali kudikira matumba a chimanga, inaimanso pa Liwonde, ndipo bampu iliyonse a Idrisa ankaluma mano osatulutsa mawu.

Ku Balaka nako mzere unalipo, wautali kuposa wa kwawo. Koma nthawi yawo itakwana analowa awiri okha, ndipo dokotala wamkazi, a Martina, anadzuka n'kutseka chitseko. Zaituni anachiyang'ana chitsekocho ngati sanaonepo china chotero.

"Bambo, mkodzo ukutuluka bwanji?"

Palibe amene anali atawafunsapo funso limeneli. A Idrisa anayamba kufotokoza, maso ali pansi. Ananena zonse, za magazi oundana, za kudontha, za kumzikiti. Sizinatenge nthawi. Zinthu zimene anazisenza nyengo ziwiri za mvula zinatha kunenedwa madzi a tiyi asanawire.

Anawaika paipi yotulutsira mkodzo, thumba linadzaza mkodzo wakuda, ndipo a Idrisa anapuma mozama. Mawa lake anawaunika ndi makina aja, anawatenganso magazi. A Martina atawaitananso, anakoka mpando n'kukhala moyang'anana nawo. Anati m'chikhodzodzo muli chotupa chachikulu, chooneka kuti ndi khansa, ndipo nthawi zambiri chimayamba ndi likodzo limene lakhala m'thupi zaka zambiri osachizidwa. Chatseka njira za mkodzo, impso zawonongeka, chafalikiranso kwina. Atha kuwatumiza ku Blantyre ngati akufuna, koma sangawanamize kuti kumeneko akachichotsa. Chimene angathe n'kuchepetsa ululu.

"Mukanabwera msanga," anatero a Martina motsitsa mawu, "mwina tikanayesa opaleshoni."

"Tinkabwera, adokotala," anayankha Zaituni. Sanakweze mawu, analibenso mphamvu zake. "Mvula ziwiri tikubwera."

A Martina sanatsutse. Anafikisa m'maso, nati pepani, ndipo panja wina anali akugogoda kale.

A Idrisa anakana za Blantyre. Anati Inshallah akafera kwawo, akumva fungo la nyanja. Analandira botolo la mankhwala a madzi oletsa ululu, namwino anaphunzitsa Zaituni kukhuthula thumba, ndipo anatuluka pang'onopang'ono mpaka pamthunzi wa pageti, pamene Fauziya anapita kukaitana kabaza. Thumba lija linkalendewera pambali pa mwendo. A Idrisa anayesa kulibisa ndi malaya, koma malayawo anali aafupi. Zaituni anamasula chitenje chake cha pamwamba n'kuwamanga m'chiuno.

"Amake Shamim," anatero a Idrisa, "tikafika, amayi mukangowauza kuti ndi malungo aakulu."

Zaituni anamaliza kumanga mfundo. Anawakonda bambo amenewa, ndipo ulemu wawo womwewo ndi umene anawakondera kuyambira kale. Lero unkamuwawa ngati minga.

"Iyayi," anatero. "Ndikawauza kuti ndi chikhodzodzo. Ndikawauza inu muli pomwepo."

"Mukufuna mundichititse manyazi?"

"Ndani azikakhuthula thumbali ine ndikapita kumunda? Ndi amayi omwewo."

Kabaza anafika, anaimika njinga, n'kufunsa ngati bambowo angathe kukwera okha. Zaituni anati sangathe, ndipo anawagwira m'khwapa.